Amisiri a magetsi aleke kupala makontakiti ndi tupa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za chizolowezi chomwe amisiri ambiri a magetsi ali nacho, chopala ndi tupa kapena sandipepa makontakiti a maswichi akuluakulu oyendetsa mota, poganiza kuti kuda ndi kukakala kwake ndi litsiro lofunika kuchotsa.

Makontakiti ndi tizitsulo timene timagundana kuti magetsi adutse. Tikamasiyana, magetsi saduka nthawi yomweyo, koma amalumpha mpatawo ngati kalawi kowala, komwe kutentha kwake kumafika madigiri masauzande angapo, chonsecho siliva, chitsulo chimene amapangira makontakitiwa, amasungunuka pa madigiri 962 okha a Celsius. Motero nthawi iliyonse swichi ikazimitsidwa, siliva pang'ono amasungunuka, wina n'kuwazikira pambali, wina n'kusanduka nthunzi. Poyatsa namonso tizitsuloti timanjanja kaye tisanakhazikike, ndipo apa m'pamene timatha kumatirirana ngati tawotchereredwa, mota n'kukana kuzima.

N'chifukwa chake opanga zipangizozi sagwiritsa ntchito siliva yekha, ngakhale kuti palibe chitsulo chomuposa podutsitsa magetsi. Amamusakaniza ndi tin oxide, ufa wochokera ku chitsulo cha tini, yemwe timibulu take timachititsa siliva wosungunukayo kukhala wolemerera kuti asamawazike, kapena ndi tungsten, chitsulo chimene sichisungunuka mpaka pa madigiri 3,422. Koma msakanizo umenewu, womwe ndi wokwera mtengo, umangokhala kachidutswa kopyapyala komatidwa pamwamba pa kopa, moti mmisiri akaupala amataya m'kanthawi kochepa chitsulo chomwe chikadapirira lawi lija kwa miyezi yambiri. Kuda kumene amisiri amadana nako nthawi zambiri sikulepheretsa magetsi amphamvu kudutsa.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi thanzi la mmisiriyo. Kwa zaka zambiri msakanizo wotchuka unali wa siliva ndi cadmium oxide, ndipo cadmium ndi chitsulo cha poizoni chowononga impso ndi mapapo. Malamulo a European Union, bungwe la mayiko a ku Ulaya, ochepetsa cadmium m'zipangizo zamagetsi, omwe adayamba kugwira ntchito mu 2006, adakankhira opanga ambiri ku tin oxide, komabe maswichi akale akugwirabe ntchito m'mafakitale, ndipo wowapala amapuma fumbi lake osadziwa.

Ndikupempha aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja kuti azitsindika mfundoyi kwa ophunzira awo: siliva akaperepeseka mpaka kopa kuyamba kuonekera, makontakiti onse a swichiyo asinthidwe pamodzi, magetsi atazimitsidwa kaye.

Ine wanu,
Mmisiri wa magetsi