Lipoti la msonkhano wa kapangidwe ka magalimoto aliwiro

Apampando, akomiti ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la amakaniko a ku Ndirande ndi ku Limbe, ndakupatsani moni. Munandituma ku msonkhano wa kapangidwe ka magalimoto aliwiro womwe unachitika Loweruka lapitali muno mu Blantyre, ndiye nali lipoti langa. Kunabwera aphunzitsi a ntchito zamanja, ophunzira a uinjiniya, ndi ife a m'magalaji, ngakhale tinalipo ochepa. Wotsogolera anali injiniya wachimalawi, bambo wachikulire wodziwa kufotokoza, ndipo ankasakaniza Chichewa ndi Chingerezi kuti pasakhale wotsalira.

Ndikudziwa kuti ena munkafunsa kuti galimoto yodula kuposa miliyoni imodzi ya madola ikutikhudza pati ife odyera pa Sienta, Probox ndi maminibasi. Imatikhudza pa nkhani ya kutentha. Zomwe amalimbana nazo opanga magalimoto amenewa n'zomwezo zikuphetsa mainjini a makasitomala athu.

Anatiyerekezera magalimoto awiri. Yoyamba ndi McLaren F1 ya m'chaka cha 1992, yomwe anaijambula Gordon Murray, mwana wobadwira ku Durban, ku South Africa. Iyeyu ankadana ndi galimoto yolemera thupi. Thupi lonse analipanga ndi carbon fibre (ulusi wolimba wogwirizidwa ndi utomoni), woyendetsa anamuika pakati, okwera awiri m'mbali mwake chakumbuyo pang'ono, ndipo sanalole ABS (yoletsa mateyala kuuma poponda buleki) kapena power steering (yopepukitsa chiwongolero). Injini ndi V12 (ya masilinda 12) ya BMW ya malita 6.1, yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti iwonjeze mphamvu), koma mu 1998 galimotoyi inathamanga makilomita 386 pa ola. Anapanga 106 zokha. Anatipatsa kachidutswa ka carbon fibre kuti tizipatsirana. Kanali kakuda, koluka ngati nsalu, kopepuka kwambiri, koma mnyamata wina wamphamvu zake anayesa kukapinda ndi manja awiri mpaka anagonja. Vuto lake n'lakuti utomoni womwe umagwira ulusiwo sugwirizana ndi moto, n'chifukwa chake m'chipinda cha injini ya McLaren anamatamo golide wopyapyala kuti azibweza kutentha. Golideyo sanamuikire kunyada ayi, ali pa ntchito.

Yachiwiri ndi Bugatti Veyron ya mu 2005, yomangidwa ku Molsheim m'dziko la France pansi pa kampani ya Volkswagen. Kumeneku anatenga njira ina, yamphamvu basi: masilinda 16, malita 8, ma turbo anayi, horsepower 1,001, liwiro la makilomita 407 pa ola. Imalemera pafupifupi makilogalamu 1,900, pamene McLaren sifika ndi 1,200 komwe. Kusiyana kwa liwiro n'kochepa, koma taonani mphamvu zomwe zinafunika kuti awonjezere makilomita 21 okhawo. Chimachititsa ndi mphepo. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakukankhani kanayi, ndipo injini imafunika mphamvu kasanu ndi katatu. Pa liwiro lake lonse, thanki ya malita 100 ya Veyron imauma m'mphindi pafupifupi 12.

Apa ndi pamene ndinatchera khutu kwambiri. Pa petulo yense amene injini imawotcha, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, mongoyerekeza, ndi limene limayendetsa galimoto. Wotsalayo amasanduka kutentha, kwina kutuluka ndi ekizozi, kwina kulowa m'madzi ndi mu oyilo. Choncho Veyron anaiika maradiyeta khumi. Ena ndi a madzi a injini, ena oziziritsa mpweya wochokera ku ma turbo, ndipo oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa difu aliyense ali ndi yakeyake. Mabuleki ake ndi a carbon ceramic, opirira moto womwe ungapinditse chitsulo wamba. Ngakhale choncho sagwira okha: mukaponda buleki pa liwiro loposa makilomita 200, phiko lakumbuyo limaimirira n'kumagwira mphepo kuti lithandize.

Kenako bamboyo anaika patebulo turbo yodula pakati, yochotsedwa m'galimoto wamba ya ku Japan. Pa shafiti yake panali makala olimba, ndipo kanjira kodutsa oyilo kanali katatsala kang'ono ngati diso la singano. Kashafiti kameneka kamazungulira kuposa ka 100,000 pa mphindi, koyandama pa oyilo basi. Mwini wake ankathira oyilo wotchipa, kuchedwa kusintha, komanso kuzimitsa injini akangofika kuchokera paulendo wautali, oyilo n'kumapsera momwemo. Magalimoto a injini zazing'ono za turbo akuchuluka m'misewu yathu, ndipo ma turbo otere tiziwaona sabata ndi sabata.

Mkangano unabuka pa nkhani ya thermostat, kachipangizo kotseka madzi kuti asapite ku radiyeta mpaka injini itatentha mokwanira. Mnzathu wina wa galaji anaimirira n'kunena kuti kuno n'kotentha, ndiye iye amachotsa thermostat pa galimoto iliyonse yongofika kumene. Ambiri anawomba m'manja, ndipo sindikukayika kuti ena mwa inu mukanawomba nawo. Injiniyayo sanamunyoze. Anafotokoza kuti injini inapangidwa kuti izigwira ntchito pa madigiri pafupifupi 90. Ikamayenda yozizira, kompyuta ya galimotoyo imaona ngati sinatenthe, ndiye imangothira petulo wambiri. Petuloyo amatsuka oyilo m'masilinda, maring'i n'kudyeka msanga, mapulagi n'kumada. Galimoto ikamatentha pamakhala chifukwa chenicheni: radiyeta yotsekeka, fani yosazungulira, pampu yotha, kapena chotsekera cha radiyeta chotopa. Kuchotsa thermostat n'kungobisa matendawo. Ine ndili mbali ya injiniyayo pa nkhaniyi, ndipo ndikupempha kuti tiikambirane modekha.

Za chotsekera cha radiyeta anatsindika kwambiri. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, choncho madzi kuno amawira asanafike madigiri 100. Chotsekera chabwino chimasunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asawire mpaka cha m'ma 120. Tsono taganizirani minibasi yodzadza ikukwera mapiri kuchokera ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, ili ndi madzi a pampopi opanda coolant (mankhwala a m'radiyeta), chotsekera chomangira pulasitiki. Potsika phiri lomwelo vuto limasamukira ku mabuleki. Brake fluid (mafuta a mabuleki) amamwa chinyezi, ndipo akakalamba amawira msanga, phazi n'kungolowa pansi. Opanga ambiri amati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Ndi angati mwa ife amene timauza kasitomala zimenezi?

Pa matayala anadutsapo mwachidule. Chilembo chotsiriza pa saizi chimanena liwiro lomwe tayala lingapirire: H ndi makilomita 210, V ndi 240, Y ndi 300. Manambala anayi otsiriza a DOT, chizindikiro cholembedwa m'mbali mwa tayala, amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Tizionetsa makasitomala zimenezi asanagule matayala akaunjika. Nkhani ya zikopa za m'mipando ndi utoto inaliponso, koma sindikuona kuti ingatipindulire.

Ndili ndi zopempha zoti tidzagwirizane pa msonkhano wathu wa mwezi uno. Tisonkhe ndalama tigule chipangizo choyezera mphamvu ya radiyeta ndi chotsekera chake, komanso choyezera kutentha chapatali, zizikhala kwa alembi, aliyense wofuna azibwereka ndi kusaina. Ndikupemphanso kuti tipatule Loweruka limodzi tiitane anyamata onse ophunzira ntchito m'magalaji mwathu, ndiwaonetse zomwe ndinaona. Injiniyayo anavomera kudzabwera ndi turbo ija tikamulembera kalata, bola timuuze kudakali nthawi. Mapepala omwe anatigawira ndasiya kwa alembi, ndipo malisiti ndi ndalama yotsala ya thiransipoti ndapereka kwa asungichuma.

Zikomo pondikhulupirira.

Ine nthumwi yanu.