Kalata kwa Makolo Potseka Teremu

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Moni nonse. Teremu yatha ndipo malipoti tawapereka kwa ana anu. Chonde khalani nawo pansi muwerengere limodzi, osangofunsa kuti wakhala nambala chiyani.

Pali nkhani imodzi yomwe ndikufuna ifike kunyumba. Pa phunziro la sayansi mu Sitandade 7, mtsikana wina anafunsa kuti mtengo ukagwa pakati pa nkhalango popanda munthu pafupi, kodi phokoso limakhalapo? Kalasi inagawanika pawiri, mtsutso n'kutulukira nawo panja nthawi yopuma. Aphunzitsi awo sanathamangire kuyankha. Mawa lake anabweretsa ng'oma ziwiri, nathira timchenga pachikopa cha imodzi, n'kumaimba inayo pafupi. Timchenga tija tinayamba kudumphadumpha pang'oma yomwe sinakhudzidwe n'komwe. Apo ana anadzionera okha kuti chinthu chikamenyedwa chimanjenjemeretsa mpweya, ndipo kunjenjemerako kumayenda, pafupifupi mamita 340 pa sekondi. N'chifukwa chake ching'aning'ani timayamba tachiona, bingu n'kubwera pambuyo. Mukawerenga masekondi atatu pakati pake, ndiye kuti mphezi yagwa pamtunda wa kilomita imodzi.

Anawauzanso za phiri la Krakatoa ku Indonesia, lomwe linaphulika mu Ogasiti 1883. Mkokomo wake unamveka mpaka pachilumba cha Rodrigues, makilomita pafupifupi 4,800 kuchokera pamalopo. Kutali kuposa apo makutu sanamve kanthu, koma zipangizo zoyezera mpweya m'mayiko ambiri zinalemba kuti funde lamphamvu ladutsa.

Choncho mtengo uja umagwedeza mpweya ndithu, kaya pali munthu kaya palibe. Koma kuti kugwedezako kusanduke chinthu chomveka, pafunika khutu labwino lochilandira. Apa mpamene pali mtima wanga, makolo anzanga.

Tili ndi ana ena omwe mawu a aphunzitsi amawafika koma salowa. Mwana wotere amayang'anitsitsa pakamwa pa wolankhula, amapendeketsa mutu kuti atchere khutu limodzi, ukamuitanira kumbuyo satembenuka. Kunyumba timamutcha wamwano, kusukulu timati ndi wogona, chonsecho vuto lili m'khutu. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa mwana amakwapulidwa pa mlandu womwe sanapalamule, kenako amangoleka kuyesa. Nthawi zambiri chimayambitsa ndi matenda a m'khutu otulutsa mafinya, omwe akalekereredwa amawononga kamvedwe. Malungo aakulu ndi chikuku nazonso zimatha kusiya vutoli.

Patchuthi pano yesani chinthu chophweka. Imani kumbuyo kwa mwana wanu pamalo opanda phokoso, mutchule dzina lake motsitsa mawu, mbali iyi kenako inayo. Ngati sakuyankha, kapena khutu likutuluka mafinya, kapena amadandaula kuti likuwawa, pitani naye kuchipatala msanga. Musamuthire mafuta kapena madzi a zitsamba m'khutu, ndipo musalole kuti azitokosa ndi mtengo wa machesi kapena nthenga.

Mukadziwa kuti mwana samva bwino, dzatiuzeni ku ofesi sabata yoyamba. Tidzamukhazika kutsogolo ndipo aphunzitsi azidzalankhula akumuyang'ana. Palibe chochititsa manyazi pamenepa.

Tsiku lotsegulira lalembedwa pa lipoti. Zikomo chifukwa cha njerwa ndi mchenga zomwe munatuta teremu ino, Mulungu akudalitseni.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu