Munthu wosanduka chilombo pa Michiru asamatchedwe Jason

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi achinyamata amene akujambula nthano za makatuni muno mu Blantyre. Mwana wa achemwali anga ku Chilomoni watha miyezi itatu akujambula kabuku ka werewolf, munthu uja amasanduka mmbulu mwezi ukakhala wathunthu, ndipo dzanja ali nalo mwanayu, phiri la Michiru ndinalizindikira asanandiuze nkomwe, ma minibasi ndi makondakitala ake onse alimo. Koma kufika tsamba lachiwiri ndikupeza kuti wosandukayo ndi Jason, chibwenzi chake Scarlett. Pa Michiru pompa! Zinandiwawa kwabasi.

Eni nthanozi satchula dzina mwachisawawa ayi. Agiriki amati mfumu Lykaon inasandutsidwa mmbulu ndi mulungu wawo Zeus, ndipo dzinalo ndi pachibale ndi lykos, mawu awo a mmbulu. Ngakhale mimbulu ya m'tchire ija anaibweretsanso ku Majete ndi Liwonde mu 2021, asayansi amaitcha Lycaon pictus. Nanga ifeyo tikusowa chani, ife amene dzina lililonse limanena nkhani ya pakhomo? Ndinamuuza kuti iwe, mnyamatayo umutche Chisomo, mayi ake anamulandira atadikira zaka zambiri opanda mwana, ndiye usiku akumapha mbuzi za aneba m'mawa nkudzuka magazi ali m'zikhadabo, wowerenga amva chisoni iwe usanalembe kuti zinali zachisoni. Ndipo pamene agogo ake akumana naye pa njira ya ku dimba ali kale ndi ubweya nkumuitana ndi mfunda kuti a Phiri, a Phiri, chilombo nkuima, Jason angaime bwanji pamenepo?

Pa mutu wa bukulo mpamene tinakanganako. Iye atamva zanga anafuna "Fisi wa pa Michiru", poti kwathu kuno amene timamva kuti amasanduka usiku amasanduka fisi. Nzoona, koma ndinamuletsa. Liwu loti fisi lili ndi tanthauzo lina la ku miyambo, anthu sanaiwale nkhani ya bambo wa ku Nsanje uja anamangidwa mu 2016 chifukwa chogona ndi akazi ngati fisi wa mwambo, ndipo kholo likaona mutu umenewo pa Facebook silimugulira mwana bukulo.

Tinagwirizana pa "Mwezi Ukawala Tsekani Zitseko". Jason wamufufuta ndi labala masamba onse, za Scarlett akuti ndimupatse kaye sabata aganize.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre