Tifunseni mfundo zisanalembedwe

Akonzi,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Songani. Mwana wanga wachitatu, mtsikana wa zaka 11, samva. Anadwala malungo aakulu ali ndi zaka ziwiri, ndipo atachira makutu anatsekeratu. Pano ali Sitandade 4.

Mwezi watha anatiitana makolo ku msonkhano m'tauni, ati tikapereke maganizo pa mfundo za maphunziro a ana aulumali. Ndinasiyira mlamu wanga benchi n'kukwera minibasi. Titafika anatigawira chibuku chomata kale, cha m'Chingerezi kuyambira pachikuto mpaka kumapeto. Abwana ena anayankhula maola awiri, kenako n'kufunsa kuti, "Tagwirizana eti?" Manja m'mwamba, Fanta, kusayinira ya thiransipoti, basi kwatha. Pambali panga panakhala bambo wina wosamva, koma womasulira chinenero cha manja kunalibe. Anangokhala akuseweretsa cholembera. Nawonso anasayina.

Kumeneku n'kumeta munthu mwini wake kulibe.

Akanandifunsa, ndikanawauza zing'onozing'ono zomwe m'chibukumo sindikhulupirira kuti zilimo. Mwana wanga amawerenga milomo. Aphunzitsi akatembenukira kubolodi uku akufotokoza, kwa iye phunziro lathera pomwepo. Amafunika akhale kutsogolo, kumene kuwala kukugwera pankhope ya aphunzitsi, osati pakona pamdima. Kachipangizo ka m'khutu kamene tinalandira kali m'chitini pamodzi ndi singano, chifukwa timabatire take sitipezeka m'magolosale a kwathu. Ndipo chondiwawa kwambiri n'choti ine mayi wake sindidziwa bwino chinenero cha manja. Timangolozerana. Akayamba kukula, ndidzamulangiza bwanji za chinamwali? Mnzanga wina mwana wake amayenda pa njinga ya olumala. Pakhomo pa kalasi anamangapo chitunda choyendapo njinga, koma kuchimbudzi kuli masitepe, moti mwanayo samwa madzi mpaka ataweruka.

Sindikunena kuti palibe chachitika. Sukulu za pulayimale ndi zaulere kuyambira 1994, kunali ndondomeko ya maphunziro osasiya mwana aliyense ya 2017 mpaka 2021, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali. Aphunzitsi ena amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi ndi amene anandiphunzitsa timawu ta manja tochepa tomwe ndimadziwati, Mulungu awadalitse. Koma ali okha, amazungulira sukulu zambiri pa njinga yakapalasa, ndipo nyengo ya mvula timatha mwezi osawaona. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali. Si nkhani ya mabanja awiri atatu ayi.

Pempho langa kwa inu olemba mfundozi ndi ili: yambirani kumudzi pepala lisanalembedwe. Bwerani pa TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanirana, tiyankhule m'Chichewa ndi m'Chiyao, womasulira alipo, mapepala a anzathu osaona ali m'zilembo za Braille. A PODCAM (bungwe la makolo a ana aulumali), a MANAD (bungwe la anthu osamva) ndi a FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali) akhalepo, komanso aphunzitsi amene amakhala ndi anawa m'kalasi tsiku ndi tsiku, amayi a mother group, ndi ana eni ake. Mukalemba, mubwerenso mudzatiuze zomwe mwatenga ndi zomwe mwasiya, ndi chifukwa chake. Silabasi imakonzedwa ku MIE pa Domasi pompa, mayeso ku MANEB m'tauni mwathu momuno, choncho kuno ku Zomba n'kosavuta kuyambirako.

Mukadzabwera mudzapeze womasulira wodekha, chifukwa mwana wangayu akayamba kufotokoza ndi manja sasiya msanga.

Mayi wa mwana wosamva,
Songani, Zomba