Dandaulo: maimelo athu sakufika, ndipo wantchito wanu akufunsa pasiwedi pa WhatsApp

Rosettenville, Johannesburg

Kwa Oyang'anira Kampani,

Bwana,

Ndine mlembi wa bungwe la maliro la Amalawi kuno ku Rosettenville, ndipo ndikulemba m'malo mwa mamembala onse. Tinasiya maimelo aulere n'kubwera kwa inu chifukwa munalonjeza kuti makalata athu sadzawerengedwa ndi wina aliyense, ngakhale inu eni seva, kompyuta yosunga ndi kutumiza maimelo. Ife sititumizirana moni. Timatumiza mafotokope a mapasipoti, ziphaso za imfa ndi makalata a ku mochale, zonse zofunika kuti thupi lidutse pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Mwanza mpaka likafike kumudzi.

Chisinthireni seva mwezi watha, maimelo opita ku Gmail akubwerera ndi nambala 550 5.7.26, ndipo ena akugwera mu spam. Nambalayi ikutanthauza kuti palibe chotsimikiza kuti kalatayo yachokeradi kwa ife. Lamuloli si lachilendo: kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo amafuna kuti wotumiza aliyense akhale ndi SPF (mndandanda wa maseva ololedwa kutumiza maimelo m'dzina lake) kapena DKIM (siginecha ya pakompyuta yotsimikiza kumene kalata yachokera) yolondola. Mnyamata wina wa m'bungwe lathu, wodziwa za makompyuta, atafufuza anapeza kuti SPF yanu ikutchulabe seva yakale, ndipo DKIM kulibe. Akuti kukonza kwake si ntchito yotenga tsiku.

Zotsatira zake n'zowawa. Mapepala a malemu mmodzi sanafike kwa okonza maliro, ife tili phee, poganiza kuti alandira. Thupi linagonera ku mochale, komwe amalipiritsa tsiku ndi tsiku, anamfedwa ku Mangochi akuchezera pa siwa, kudikira galimoto imene inali isananyamuke n'komwe.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Nditadandaula, wantchito wanu anandiyankha pa WhatsApp kuti ndimutumizire pasiwedi ya bungwe kuti "alowe aone". Ndinakana. Nanga chinsinsi chimene tikulipira chili pati ngati munthu wanu angalowe m'bokosi lodzaza ndi mapasipoti a anthu? Ambiri mwa mamembala athu ndi aganyu ndi antchito za m'nyumba, ndipo mukudziwa mmene nkhani ya mapepala ilili yoopsa kwa mlendo mumzinda uno. Ndafunsa anzanga a mabungwe ena ku Yeoville, wina wavomera kuti iye anapereka yake.

Lamulo la South Africa la POPIA, lomwe makampani akhala akuyenera kulitsatira mokwanira kuyambira pa 1 July 2021, limakulamulani kuteteza zinsinsi za anthu. Gawo 22 likuti ngati pali chifukwa chokhulupirira kuti munthu wosaloledwa waziona, muyenera kudziwitsa Information Regulator, bungwe loyang'anira lamuloli, ndi eni zinsinsizo.

Ndikudziwa kuti kampani yanu ndi yaing'ono, ndipo kuyendetsa seva ya maimelo pakati pa zimphona si masewera. N'chifukwa chake tinasankha kuthandiza mwana wakwathu. Komabe tikupempha kuti mukonze SPF ndi DKIM sabata ino, mutilembere momveka bwino kuti ndani pakampani panu amene angathe kutsegula makalata a makasitomala, ndiponso muuze onse amene anapereka mapasiwedi kuti asinthe msanga.

Mukaona kuti simutha, tipatseni makalata athu onse kuti tisamuke nawo, mubwezenso ndalama za miyezi yotsala pa chaka chimene tinalipiriratu. Komiti ikumana Lamlungu likubwerali, ndipo ndikufuna kukawerenga yankho lanu pamaso pa mamembala.

Ine wanu,
Mlembi wa bungwe