Ajenti anandiuza kuti ndivule mphete kuti ndikapeze viza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanuli, chifukwa ndikapitiriza kuzisunga mumtima BP indipha. Nkhani yake ndi ya bambo wina amene ali ndi kaofesi pamwamba pa sitolo ina ku Old Town kuno ku Lilongwe, pachitseko anamata timbendera ta mayiko a azungu ndi chithunzi cha ndege ikunyamuka. Bambo ameneyu mwezi wathawu anathetsa ukwati wanga ndi kabatani kamodzi ka pa kompyuta, ndipo ine ndinamulipira K250,000 kuti achite zimenezo. Risiti sanandipatse, akuti buku la marisiti linatha.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale. Amuna anga amakhala ku South Bend ku Indiana, kumene aliyense amene ali ndi m'bale ku America akudziwa kuti kuli aMalawi ambirimbiri, ndipo anatenga unzika wakonko. Tinapanga chinkhoswe kwathu, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi, kenako ukwati wa kutchalitchi mu Julayi 2024, anthu anavina perekaniperekani mpaka nsapato kuduka zidendene. Atabwerera anandilembera pepala lopempha kuti ndisamukire ku America ngati mkazi wawo, lija amati I-130, analipira madola 625 pa intaneti, ndiye kuyambira pamenepo ndi kudikira basi. Papita chaka ndi miyezi pamwamba. Ndipo amene anadutsamo akudziwa kuti I-130 ikavomerezedwa sikuti wafika ayi, fayilo imapita kaye ku ofesi yokonza mafayilo a viza yotchedwa NVC ku Portsmouth ku New Hampshire, kulembanso fomu ya viza yosamukira ya DS-260, madola ena 325, amuna ako asayine I-864 kulonjeza kuti adzakudyetsa, kalata ya kupolisi, kuyezedwa kuchipatala, intavyu ndiye kumapeto. Nthawi yonseyi banja lili pa WhatsApp, iwo akamaweruka kuntchito ine tulo tafika pakati, ndimayankha vidiyo kolo diso limodzi lili chitsekere.

Ndiye ndinati tchuthi cha Disembala chino ndikawaoneko milungu itatu ndi kubwerera kudzatsegulira temu. Anzanga ena amandifunsa kuti kodi akudwala? Sakudwala. Kodi kukaona mwamuna wako kumafunanso chifukwa?

Mnzanga wa kusukulu ndi amene anandilozera kwa bamboyu, akuti ndi katswiri, aliyense amene wadutsa m'manja mwake ali ku Dallas. Ndinapita, ndinafotokoza zonse osabisa kalikonse, satifiketi ya ukwati ndinaiika patebulo, pepala losonyeza kuti I-130 inalandiridwa ndinaliikanso pomwepo. Anangogwedeza mutu nkumati "osadandaula masteni, izi ndi zazing'ono." Anadzaza yekha DS-160, fomu yopemphera viza yokacheza, sikirini atayitembenuzira kukhoma, nkundipatsa kapepala kamodzi kokha kokhala ndi chithunzi changa ndi bakhodi. Ine kusadziwa ndinkaona ngati fomu yonse ndi imeneyo.

Kutatsala masiku anayi kuti ndipite ku intavyu anandiitana kuti akandikonzekeretse. Nditangokhala pampando anayang'ana dzanja langa nkunena kuti, "Choyamba, mphete iyo Lachiwiri isiyeni kunyumba."

Ndinkayesa akuseka. Eti sakuseka. Akuti pa fomu wandilemba kuti ndine singo. Amuna anga wawalemba kuti ndi mnzanga chabe, ndipo akandifunsa ndikanene kuti tinadziwana kutchalitchi. Pa funso lija limafunsa ngati pali munthu amene anakulemberapo pempho loti usamukire ku America, iye anadina kuti ayi, pepala la I-130 lili pamphuno pake. Nditayamba kukweza mawu anandiyankha modekha ngati abusa, "Mayi, mukufuna viza kapena mukufuna chilungamo?"

Mphete, a Mkonzi. Mphete imene abusa anaidalitsa pamaso pa mpingo wonse, imene amayi anga anaigwira akulira, ndikaivule chifukwa wanena munthu amene ukatswiri wake wonse ndi laputopu ndi fani ya patebulo. Amalume anga amene ali nkhoswe anakwera minibasi kuchokera ku Mitundu kawiri konse kudzakambirana za banja limeneli, anthu anapha mbuzi, azakhali anaphika thobwa migolo iwiri, ndiye wina angodina kabatani nkundisandutsa mbeta? Ku Malawi kuno ngakhale banja likatha pamakhala ankhoswe, pamakhala khoti. Uyu ndiye majisitireti wa mtundu wanji wosudzula anthu masekondi awiri, nkulipiritsanso? Ndikanakhala kuti ndinkafuna kukhala singo ndikanatha kukhala singo mwaulere, sindikanafuna thandizo la K250,000. Usiku umenewo ndinakhala ndikuiyang'ana mpheteyo, pachala pali kale mzere woyera pomwe imakhala, ndiye ankati ndikafika pawindo ndikabise dzanja m'thumba kapena ndipake kiwi?

Koma tisiye za mtima, tinene za lamulo, poti mkuluyu amati amalidziwa kuposa aliyense. Palibe lamulo la America loletsa munthu amene I-130 yake ili m'njira kupempha viza yokacheza, ija ya B-2. Palibe. Chimene chilipo ndi gawo 214(b) la lamulo lawo la zolowa ndi kutuluka, limene limati aliyense wopempha viza yokacheza amamutenga ngati akufuna kukakhazikika mpaka iyeyo atasonyeza kuti adzabwerera. Kwa munthu ngati ine amene mwamuna ali konko ndi phiri lalitali kukwera, sindikukana, ambiri amakanizidwa. Koma kukanizidwa pa 214(b) si mlandu, sikuti kumawononga fayilo ya ukwati ija, umangoluza madola 185 ako nkubwerera kunyumba kukapitiriza kudikira. Pomwe kunama ndi nkhani ina. Gawo 212(a)(6)(C)(i) limati amene wanama dala pa chinthu chofunika kuti apeze viza saloledwanso kulowa m'dzikomo moyo wake wonse. Moyo wonse, osati zaka zisanu. Chikhululukiro chilipo chopempha koma ndi cha maloya ndi madola ankhaninkhani ndipo sikuti amangopereka.

Tsopano taganizani. Dzina langa, tsiku langa lobadwa, dzina la amuna anga ndi adiresi yawo, zonse zili kale mu kompyuta ya boma la America pa I-130. Ndiye ine ndifike pawindo opanda mphete nkumati ndine singo ndikukaona mnzanga wa kutchalitchi, pa adiresi yomweyo ya ku South Bend. Ngakhale ana anga a Sitandade 3 amanama bwino kuposa pamenepa. Ndipo tinene kuti mwa mwayi wa fisi ndadutsa, chaka chamawa ndikubweranso pa intavyu ya viza ya ukwati nditanyamula satifiketi ya Julayi 2024, akandifunsa kuti nanga mu 2025 munali singo bwanji ndidzati chiyani? Ndidzati anandilembera ajenti? Fomu imeneyo imatengedwa kuti wasayina ndi iweyo mwini wake, ajenti amakhala ali ku Old Town akudya chipisi.

Analinso ndi nzeru ina yaulere, akuti "mukangolowa musabwerenso, mukasinthire mapepala konko, ambiri amatero." Kulowa ndi viza yokacheza mumtima utakonza kale zokakhala ndi bodza lomwelija, ndipo viza si kiyi wa pachitseko, wa pabwalo la ndege ali ndi mphamvu yokufunsa, kukutsegulira chikwama ngakhale foni, nkukukweza ndege yobwerera tsiku lomwelo. Ndipo ndi ma "ambiri amatero" omwewa amene atifikitsa pomwe tili panopa.

Inde, ndikunena za chikole cha viza. Pa 20 Ogasiti 2025 boma la America linayambitsa lamulo loti mMalawi kapena mZambia akavomerezedwa viza yokacheza aziyamba wasungitsa madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo panthawiyo ankayenera kulowera ndi kutulukira pa mabwalo a ndege atatu okha, Boston, JFK ku New York kapena Dulles ku Washington. Mayiko onse a padziko lapansi, oyamba kusankhidwa tinali ife ndi anansi athu, mwina tiziti ndi ulemu. Chifukwa chimene anapereka ndi choti anthu athu ambiri sabwerera nthawi yawo ikatha. Madola 15,000 pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 ndi ndalama yoposa K26 miliyoni, ndipo ndani anawaonapo madola kubanki masiku ano? Ukapita amakuuza kuti siyani kalata tikuyimbirani, ukapita kwa anyamata a pamsewu mtengo ndi woposa kawiri. Mphunzitsi wa pulayimale K26 miliyoni aitenga kuti, agulitse sukulu? Akuti ukabwerera pa nthawi yake ndalamayo imabwezedwa, chabwino, koma kuti ibwezedwe iyenera kuyamba yapezeka. Amene anathawira konko ali phee akutumiza zithunzi za chipale chofewa pa Facebook, chilango chagwera ife amene tikutsata ndondomeko, amene tinalipira fomu iliyonse ndi kuima pa mzere uliwonse. Tisaiwale kuti ndife omwe tinagona pa mizere ya mapasipoti mu 2024 makina atasokonekera.

Ndipo apa ndikufunsa a Unduna wa Zakunja, kodi nkhaniyi munaikambapo ndi anzanuwo kapena munangoiwerenga mu nyuzi ngati ife? A Pulezidenti Mutharika anakhala ku America zaka zambirimbiri akuphunzitsa malamulo ku Washington University ku St. Louis, palibe mtsogoleri m'chigawo chino amene angawadziwe anthu amenewa ndi malamulo awo kuposa iwo. Sindikuti akatitsegulire zitseko zonse ayi. Ndikungoti munthu amene ali ndi satifiketi ya ukwati, fayilo yake ili kale m'manja mwa boma lawo, zala anadinda, asamayesedwe ndi muyeso umodzi ndi munthu amene akupita kukasowa. Wodikira viza ya ukwati ndi amene ali ndi chifukwa chachikulu chobwerera pa nthawi yake kuposa wina aliyense, chifukwa akachedwa akuziwonongera yekha chimene wachidikira chaka ndi theka.

Mwina mukufuna kudziwa kuti zinatha bwanji. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapita kwa mwana wa achemwali anga amene ali ku koleji, tinakhala usiku wonse pa laputopu yake magetsi atazima tikuunikira ndi foni, tinadzaza DS-160 ina yatsopano. Wokwatiwa, inde. Amene ndikukamuona, mwamuna wanga. Pempho losamukira, inde lilipo, nambala yake nayi. Fomu yake si yovuta nkomwe abale, ndi Chingelezi cha Fomu 2, chimene timalipirira ma K250,000 ndi mantha basi. Ku intavyu ndinapita mphete ili pachala, anandifunsa mafunso ochepa mwaulemu, ndinayankha zoona, nkundipatsa kapepala ka 214(b). Ndinalira mu minibasi mpaka ku Area 25, sindinama. Koma fayilo yanga ili yoyera, ndipo amuna anga apempha tchuthi cha milungu iwiri, abwera ndi iwowo pa Khirisimasi.

Nditabwerera kwa mkulu uja kukafuna ndalama yanga, mukudziwa anati chiyani? Akuti "mwaona, mukanandimvera." Akuti ndalama ya upangiri sibwezedwa. Upangiri wake uti, wovula mphete? Pabenchi panja panali atsikana atatu ndi mayi wina wachikulire atagwira maenivelopu a khaki, ndinawauza pompo kuti aliyense auze bamboyu atembenuze sikirini aone zimene akuwalembera, mlonda anandigwira pamkono kunditsitsa masitepe ngati ndaba.

Ndiye pempho langa ndi ili mwachangu poti ndatalikitsa. A bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission ndi apolisi ayendere timaofesi timeneti, si ku Lilongwe kokha, ku Limbe ndi ku Mzuzu tiliko. Aliyense wodzaza fomu ya viza ya munthu azikakamizidwa kupereka risiti ndi kope ya fomu yonse, masamba onse osati ka bakhodi kokha. A Unduna agule ngakhale mphindi khumi pa wailesi afotokoze m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kusiyana kwa kukanizidwa ndi kuletsedwa moyo wonse. Ndipo inu bambo a ku Old Town, ndikudziwa mumawerenga nyuzi ino chifukwa ndinaiona patebulo panu pansi pa kapu ya tiyi, K250,000 yanga ndikuifunabe, Loweruka ndikubwera ndi amalume a ku Mitundu aja.

Mphunzitsi wokwiya,
Area 25, Lilongwe