Tiziwerenga mosamala chiwerengero cha ogwa ndi ngongole

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa ziwerengero za anthu ndi makampani omwe amakagonja kukhoti kuti alephera kubweza ngongole. Ambiri akamva kuti chiwerengerochi chatsika amathamangira kunena kuti chuma chachira, pomwe nthawi zina chasintha ndi lamulo chabe.

Ku United States, mu 2005 milandu yotere idapitirira 2 miliyoni chifukwa anthu ankathamangira kukhoti lamulo lokhwima lisadayambe kugwira ntchito mu Okutobala chaka chomwecho. Mu 2006 idatsika kufika pafupifupi 600,000, koma ngongole za anthu zidali pomwepo. Mu 2020, Covid-19 itavuta, milanduyi idatsikanso ku United States ndi ku Britain chifukwa maboma adathira ndalama zothandizira, ndipo Britain idayamba yaletsa okongoza kukapempha khoti kuti litseke makampani. Thandizolo litatha, chiwongoladzanja chitakwera, makampani oposa 25,000 adagwa ku England ndi Wales mu 2023, chiwerengero chomwe chidali chisadaonekeko chichokereni 1993.

Chinanso, ziwerengerozi zimafika mochedwa. Kampani imadwala miyezi yambiri isadafike kukhoti. Miyeso yake ndi iwiri: kodi ikutha kulipira ngongole tsiku lake likakwana, nanga katundu wake yense angakwanire kubweza zonse? Woyambawo ndi womwe umagwetsa ambiri, ngakhale opanga phindu. Ngati ogula akukulipirani patatha masiku 90 pomwe okupatsani katundu akufuna zawo m'masiku 30, mabuku aonetsa phindu koma kubanki kuli mbee. Zikatero eni ake amayamba kuchedwetsa msonkho ndi ndalama za penshoni, kenaka kukongola kwina kuti atseke dzenje lakale.

Apa m'pomwe ambiri amadziphera. M'malo mokhala pansi ndi okongoza kuti agwirizane zobweza pang'onopang'ono, amabisa vutolo, kubweza kaye ngongole ya mbale wawo kapena kugulitsa galimoto ya kampani motchipa kwa mnzawo. M'mayiko ambiri khoti limatha kufafaniza zonsezi, ndipo mkulu wa kampani angalamulidwe kulipira za m'thumba mwake. Katundu akagulitsidwa, kawirikawiri wogwira chikole amayamba kutenga zake, kenaka woyendetsa ntchito yotseka kampaniyo, kenaka antchito. Wamalonda ang'onoang'ono yemwe adapereka katundu pangongole popanda chikole amadikira kumapeto, ndipo nthawi zambiri amatola nyenyeswa. Iyeyu ndiye amandimvetsa chisoni, chifukwa naye amagwa osalowa m'kaundula aliyense, poti mlandu wakukhoti umafuna ndalama zomwe alibe.

Choncho mukamalemba nkhanizi, tisiyanitsireni anthu wamba ndi makampani, otsekedwa ndi omwe apatsidwa mpata wodzikonzanso, ndipo mutiuze ogwawo ndi angati pa makampani 10,000 aliwonse olembetsedwa.

Ine wanu,
Muwerengi wokhudzidwa